Kodi Pangano Limaola?

Msuweni wanga anatisiya m'mwezi wa Juni, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Uthenga unandipeza kuno ku koleji usiku, ndipo m'mawa mwake ndinakwera basi ndi kukatsika pa Nathenje dzuwa litapendeka. Kuchokera pamseu kukafika kumudzi kwa azakhali ndi ulendo wa ola lathunthu wapansi, phiri la Nkhoma lili kukuyang'ana cha kum'mawa njira yonse. Ndisanaone ndi denga limodzi lomwe, ndinayamba kumva ng'oma. Pamenepo ndinadziwa kuti pa maliro awa sipamveka nyimbo za m'buku.

Sindinadabwe. Malemuyo anabatizidwa ali khanda, koma atasinkhuka anathawa kalasi nakalowa kudambwe. Akulu a mpingo wa kumudziko anamuitana kangapo, iye osapita, ndipo potsiriza anamdula. Anakula, nakwatira, naonjezanso mkazi wachiwiri, ndipo moyo wake wonse unali wa panjinga, kugula mbuzi m'midzi ndi kukazigulitsa pa msika wa Mitundu. Tsono pa tsiku la maliro ake akulu a mpingo anabwera ndithu, nakhala pansi pamodzi ndi amuna anzao, naponya chipepeso m'mbale. Koma buku sanatsekule. Palibe anawadandaula. Lamulo analidziwa aliyense, ndi mwini wake yemwe.

Amene sanathe kungokhala chete ndi mai ake, azakhali anga, munthu amene sanajombepo ku mapemphero chibadwire changa. Pakati pa usiku ananditumira mwana kuti ndikalowe m'nyumba ya siwa. Anamasula kansalu, natulutsa kapepala kofiirira ndi utsi, kopindapinda: kalata ya ubatizo wa mwana wao.

"Iwe wa kusukulu," anatero motsitsa mau, "tsiku lija abusa ananena kuti mwanayu ndi wa m'pangano la Mulungu. Ine ndinalipo, atate ako analipo. Tandiuza, pangano limenelo linatha liti? Analimasula ndani, poti ine sanandiitane?"

Ndinayankha zimene amayankha munthu wophunzira akasowa chonena, kuti nkhaniyi ndi yakuya. Koma funsolo ndinabwera nalo kuno, ndipo lakhala likundidzutsa usiku.

Chimene chimayamba kutisokoneza ndi liu lenilenilo. Ife tikamva za pangano timaganiza za waganyu ndi mwini munda, kapena tenanti ndi mwini esiteti ya fodya: iwe uchite chakuti, ine ndikupatse chakuti, ndipo mmodzi akalephera mbali yake zonse zagwa. Tilinso ndi chifukwa chokayikira pangano lililonse la wamphamvu ndi wofooka. Kuyambira 1889 Harry Johnston ndi Alfred Sharpe anali kuyendera mafumu ndi mapepala, mafumu ndi kumaika kamtanda pansi pa mau amene sanathe kuwawerenga, ndipo pofika 1891 dziko linali m'manja mwa eni mapepala. Ngakhale Nkhoma weniweniyo anayamba ndi kumvana kwa mbali ziwiri. Mu 1896 Mfumu Mazengera, anthu ake atathawira pamwamba pa phiri poopa nkhondo, inalola T.C.B. Vlok kumanga m'tsinde mwa phirilo. Mfumu inali kufuna mtendere wa anthu ake, mmishoni anali kufuna malo olalikira. Aliyense anali ndi chake chimene anali kuyembekeza. Ngati pangano la Mulungu lili la mtundu umenewu, ndiye kuti funso la azakhali lili ndi yankho lapafupi: linatha tsiku limene mwana wao anaponda kudambwe.

Koma tatsekulani Genesis 15. Ahebri sankati kupanga pangano, ankati kulidula, chifukwa cha mwambo umene ankachita. Ankapha nyama, naidula pakati, naika mabanduwo moyang'anizana, ndipo opanganawo ankayenda pakati pake, kutanthauza kuti wophwanya mau ake aone zimene yaona nyamayi. Abramu anakonza zonse monga anauzidwa, ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi mbalame ziwiri, nakhala tsiku lonse kuingitsa miimba. Dzuwa lili kulowa tulo tatikulu tinamgwira. Chimene chinadutsa pakati pa mabandu aja ndi ng'anjo yofuka utsi ndi muuni wa moto. Abramu sanadutse. Wamphamvu ndiye anadzitemberera yekha, wofooka ali chigonere. Ndani mwa ife anaonapo mwini esiteti akusaina yekha pepala lakuti akalephera tenanti, chilango chigwere mwini esiteti?

Nkhani ya Nowa imanena zomwezo mwa njira ina. Pangano la pambuyo pa chigumula silinafunse Nowa kanthu kuti likhalepo, ndiponso silinali la anthu okha ai. Munali mbalame, zoweta ndi zilombo za m'thengo, zimene sizidziwa kulonjeza. Chizindikiro chake pa Chihebri ndi liu lomwelo la uta wankhondo. Apa makolo athu anawatsogolera omasulira, pakuti iwo anali kutchula kale chinthucho kuti uta wa Leza. Uta wopachikidwa, wopanda mubvi, ndipo nkhaniyo imati auona ndi kukumbukira ndi mwini wake. Ayuda amene anatembenuza malembo ao m'Chigriki ku Alexandria, Yesu asanabadwe, anaiona mfundo imeneyi. Chigriki chinali ndi liu la pangano la anthu olingana, suntheke, koma iwo analisiya natenga diatheke, limene limanena za chimene munthu mmodzi wakhazikitsa, monga mau osiya a munthu wogawa chuma chake. Khanda limene likulira m'manja mwa abusa, losadziwa ngakhale dzina lake, lili pa malo a Abramu wogona tulo uja. Ndicho chifukwa chake Katekisma wa Heidelberg wa 1563, umene mipingo ya Reformed imaphunzitsa, umati makanda abatizidwe popeza iwonso ali m'pangano pamodzi ndi akulu.

Ndikudziwa chimene mnzanga wa filosofi anene pano, chifukwa anandiuza kale tili pa mzere wa chakudya. Pangano limene sungathe kuliphwanya silikufunsa kanthu, ndipo chimene sichikufunsa kanthu sichikulemekeza. Ndiye kuti munthu ali ngati mbuzi yodulidwa khutu, yokhala ya mwini wake kaya ifune kaya isafune. Mfundoyi si yopepuka, ndipo Baibulo lenilenilo lili nayo. Pa Sinai anthu sanagone tulo. Anamva malamulo, navomera ndi pakamwa pao, ndipo Mose anawaza mwazi, theka pa guwa, wina pa anthu. Deuteronomo amaika madalitso ndi matemberero poyera. Ophunzira za kale, monga George Mendenhall mu 1954, anaonetsa kuti kalembedwe ka pangano la pa Sinai kamafanana ndi ka mapangano a mafumu a Ahiti ndi mafumu ang'onoang'ono okhala pansi pao: mfumu imayamba yakumbutsa zabwino zimene inachita, kenaka ndi kunena zimene ikufuna. Tsono akulu a mpingo aja sanapeke okha kuti pangano lili ndi zofunika zake. Msuweni wanga anaitanidwa, nakana ali maso. Kunena kuti kukana kwakeko kunalibe kanthu ndiko kumchepsa.

Komatu taonani dongosolo lake. Aisraele anayamba aoloka nyanja, malamulo ndi kubwera pambuyo. Sanatuluke m'Ejipito chifukwa anasunga malamulo; anapatsidwa malamulo chifukwa anali atatulutsidwa kale. Mwana sakhala mwana chifukwa wamvera. Amalangidwa chifukwa ndi mwana, pamene wa eni ake timangomuyang'ana. Ndipo aneneri, amene anaona pangano la pa Sinai likuphwanyidwa mobwerezabwereza, sananene kuti basi zatha. Hoseya anauzidwa kukatenganso mkazi amene anamthawa. Yeremiya, mzinda uli pafupi kugwa, analankhula za pangano latsopano lolembedwa m'mitima. Ichi chimandionetsa kuti kuphwanya pangano ndi kulithetsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu angathe kuliphwanya, ndipo kuphwanyako kumapweteka. Kulithetsa kuli m'manja mwa amene analiyamba.

Pali ngozi ina imene ife a ku Nkhoma sitiyenera kuilambalala, popeza inachitika m'nyumba mwa amene anatibweretsera uthenga. Pa 16 Disembala 1838, pa mtsinje wa Ncome, kagulu ka Mabunu kotsogozedwa ndi Andries Pretorius kanamenyana ndi ankhondo a Dingane. Masiku angapo nkhondoyo isanachitike iwo analumbira kuti Mulungu akawapambanitsa adzasunga tsikulo ngati Sabata ndi kummangira kachisi. Anapambana, Azulu pafupifupi 3,000 anafa, ndipo mtsinjewo unatchedwa Blood River. M'kupita kwa zaka nkhaniyi inakula, kufikira mu 1952 boma la tsankho linatcha tsikulo Tsiku la Pangano. Ambiri anafika pokhulupirira kuti mtundu wao ndiwo Israele wa mu Afrika, ndipo ena onse ndi Akanani. Koma chimene chinachitika pa Ncome sichinali pangano m'lingaliro la Genesis 15. Chinali chowinda. Chowinda amayamba ndi munthu, ndipo chimayamba ndi mau akuti "mukandipatsa". Yefita anawinda chotero, chinamdyera mwana wake wamkazi. Ndipo akulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Munthu akasokoneza chowinda chake ndi pangano la Mulungu, amayamba kumuona Mulungu ngati wangongole wake. Alaliki a masiku ano amene amati bzala ndalama zakuti kuti Mulungu akubwezere kakhumi ali pa njira yomweyo, kungoti ao ndi malonda a pa wailesi.

Sindikunena izi kuti ndinyoze A.C. Murray ndi Vlok amene anafika pa Mvera mu 1889, kapena anzao amene manda ao ali pakati pathu. Ndikunena kuti mpingo umodzi womwewo, Dutch Reformed Church, unatha kutumiza ana ake kudzabatiza makanda a Achewa m'pangano limodzi, kwao kuli kudalitsa malamulo olekanitsa anthu pa khungu. Zinatengera msonkhano wa mipingo ya Reformed ya dziko lonse ku Ottawa mu 1982 kunena poyera kuti chiphunzitso chimenecho ndi mpatuko, ndi Chivomerezo cha Belhar cha 1986, chochokera kwa Akristu amene anali kuponderezedwawo. Kuyambira 1995 tsiku lija limatchedwa la Chiyanjanitso. Amosi anali atanena kale zonsezi: kuti kusankhidwa kumaonjeza mlandu, sikuuchotsa, ndi kuti Mulungu amene anatulutsa Israele m'Ejipito anatulutsanso Afilisti ndi Aaramu kumene anali. Ndipo mu Yeremiya 34, pamene mwambo wodutsa pakati pa nyama ukutchulidwanso, mlandu wa ophwanya panganowo unali wakuti anamasula akapolo ao, kenaka ndi kuwagwiranso. Tisawaseke Mabunu msanga. Masinodi a CCAP, imene Nkhoma inalowamo mu 1926, akhala zaka zambiri akukangana za malire, ndipo pansi pa mkanganowo pamamveka funso lakuti uyu amapemphera m'chinenero chanji.

Tsono ngati pangano si malonda, ndiponso si chuma cha mtundu, ndi chiani? Yankho limene landithandiza ndinalipeza pafupi, m'buku la azakhali lomwelo. Pamene W.H. Murray ndi anzake anali kutembenuza Buku Lopatulika, limene linatha lonse mu 1922, anafika pa kalata ya kwa Ahebri pamene Yesu akutchedwa woima pakati pa pangano latsopano. Liu limene anaika pamenepo ndi nkhoswe. Pamene Paulo akunena za Mzimu woperekedwa kutsimikiza zimene zilinkudza, anaika chikole. Mau otere satuluka m'dikishonale. Amatuluka pakamwa pa anthu amene anakhalapo pa bwalo la chinkhoswe, ndipo aphunzitsi a kuno amene anali kuthandiza ntchitoyo ayenera kulandira ulemu wao. Ndi mau awiriwa pangano linachoka pa msika ndi kulowa m'banja.

Unkhoswe ndinauona ndi maso, chifukwa atate anga, monga mwini mbumba, ndiwo anali nkhoswe ya msuweni wangayo. Tsiku la chinkhoswe, popatsana tambala ndi msoti, ntchitoyi imaoneka yokoma. Kulemera kwake kumadziwika pambuyo. Ndikukumbukira kugogoda kwa pakati pa usiku, atate ndi kumapopa njinga mumdima, ulendo wa ku Mitundu, chifukwa mphwao wamenya mkazi. Ndikukumbukira mbuzi yathu imene inapita kukalipira mlandu umene atate sanapalamule. Pamene anatenga mkazi wachiwiri, atate anamkalipira kufikira mau anawauma, nakhala miyezi osaponda pakhomo pake. Koma tsiku limene anadwala, woyamba kuuzidwa anali iwo, ndipo anapita. Nkhoswe sivomereza zoipa. Kawirikawiri ndiyo imadzudzula koposa onse. Chimene siichita ndi kunena kuti sindikumdziwa. Ndiponso kwathu ukwati suutha chifukwa mkazi wanyamula mitolo, kapena mwamuna wagona kunja mwezi. Angakhale atapatukana zaka, anthu amati ukwati ulipo kufikira ankhoswe atakhala pansi ndi kuumasula. Azakhali pofunsa kuti analimasula ndani, anali kufunsa funso la munthu wodziwa mwambo.

Fanizoli lili ndi polekezera pake, ndipo polekezerapo ndi pamene pali chodabwitsa. Kwathu ankhoswe amakhala a mbali ziwiri, a kuchimuna ndi a kuchikazi, aliyense kuimira wake. Munthu mmodzi atati aimire mbali zonse, tinganene kuti pali chinyengo. Koma chikhulupiriro cha Chikristu chimanena zomwezo: kuti nkhoswe ndi mmodzi, wa kwa Mulungu kwathunthu ndiponso wa kwa anthu kwathunthu, kotero kuti mlandu ukabuka alibe mbali ina yokautula, ausenza yekha. Pa mgonero wotsiriza anatcha chikho chija pangano latsopano m'mwazi wake, ndipo anachipereka kwa anthu amene usiku womwewo anali kudzamthawa, iye akudziwa. Kwa ine, pamenepa ndi pamene muuni uja wa mu Genesis unali kulowera. Wodutsa pakati pa nyama zodulidwa anadzakhala iye wodulidwayo.

Mnzanga wa filosofi akhoza kufunsabe ngati ufulu wa munthu watsala. Ndiyesa watsala, monga umatsalira m'banja. Ungathe kuchoka pakhomo, ungathe kukana kudya nao, ungathe kufa usanabwerere. Chimene sungathe ndi kuchititsa kuti amene anakubala akhale asanakubale. Chibale ndi fupa, sichiola. Kaya munthu angakane kufikira muyaya, ndipo kukanako kulemekezedwe, imeneyo ndi nkhani imene kalata ya kwa Ahebri yomweyo imachenjeza mwamphamvu, ndipo ine sindifuna kuisalaza. Kapepala ka azakhali si tikiti ya basi yakuti aliyense woigwira akafika. Koma si lisiti ya katundu wobwezedwanso ai.

Nanga kudula kuja? Liu limeneli limaopsa kuposa chimene limachita. Akulu a mpingo angathe kumchotsa munthu pa gome, ndipo katekisma yemwe uja amati cholinga chake ndi chakuti munthuyo akalapa alandiridwenso. Ndiko kukhala miyezi osaponda pakhomo kuja. Mpingo umene sungathe kunena kuti ichi ndi choipa ulibe chonena china chilichonse, ndipo pa ichi sindiwatsutsa. Koma iwo si eni pangano. Ali m'kati mwake monga tonsefe, ndipo mpeni wao sufika pamene panafika madzi aja. Ndikadakhala ndi mau pakati pao, ndikadangopempha kuti pa maliro otere pazipezeka wina wolowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi mai wofedwayo ndi kumuuza zimenezi, popeza iye sanadulidwe.

Pamenepa mlandu ukundigweranso ine. Pa ubatizo salonjeza makolo okha. Mpingo wonse umakhala mboni, ndipo mboni ya pangano la m'banja ndi kankhoswe kakang'ono. Zaka zonsezi ndinali kukomana naye msuweni wanga pa Mitundu, iye ali ndi mbuzi zake ziwiri zomangidwa pa kaliyala. Ankandiitana kuti tikadye kanyenya, ndipo ine ndinkayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wa kumpingo amene akundiona. Kawiri konse ndinanamizira basi. Iye ankaseka, nanditcha abusa. Sindinamfunsepo ndi tsiku limodzi lomwe chimene anapeza kudambwe chimene sanachipeze m'kalasi, kapena ngati usiku ankapemphera. Mwina akadandiuza kuti kumeneko anamlandira ngati mwamuna pamene ife tinali kumuona ngati mlandu. Amene anapitiriza kumuyendera, kumdzudzula ndi kumtengera ufa anali awiri okha, atate ndi azakhali.

Pa tchuthi chapitachi ndinapitanso kumudzi. Ndinawapeza azakhali akusenda nyemba pakhonde, kamwana kotsiriza ka malemu kali pambali pao. Akuti Lamulungu lililonse amakatenga kupita nako ku Sande sukulu, amake osaletsa. Ndinakhala pansi ndi kuwafotokozera zonsezi monga ndikadathera, za Abramu wogona tulo, za uta wopachikidwa, za nkhoswe ya mbali ziwiri. Za Chigriki ndinazisiya. Ndinawauza kuti kumene mwana wao ali sindingathe kuwalonjeza, ndipo palibe wa pa maliro paja amene angathe. Koma kuti pa anthu onse amene anakhala pa bwalo tsiku lija, wa buku kapena wa ng'oma, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mphamvu yomasula chimene iwo anafunsa.

Anamvetsera osandidula, manja ali pa nyemba. Nditatha anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Zimenezo ndinkazidziwa kale, mwana wa achimwene. Ndimafuna ndimve ngati kusukulu kwanuko amazidziwanso." Anatuma kamwana kaja kukatenga madzi akuti ndisambe m'manja, nalowa m'nyumba kukapakula.